Mchere wa M'nyemba Zomaliza

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri mayi ena anaphikira ana asukulu, mpaka dzina lawo lenileni linachita kuiwalika. Ana ankangoti Amphika, aphunzitsi Amphika. Ngakhale amuna awo, telala wokalamba wa pakhonde la sitolo, akafuna kuwaseka ankati, "Amphika, mwatisungirako chiyani lero?"

Ndipo ankasungadi. Kukhitchini kuli lamulo losalembedwa: zokanirira pansi pa mphika n'za wopala. Ana mazana atatu akadya, Amphika ankapala mpunga ndi nyemba zotsala n'kuika m'chitini cha majarini, ndiye chakudya chamadzulo cha anthu awiri chimenecho. Kunyumba kwawo moto unkayakira tiyi basi. Sikelo analibe nayo ntchito mayi amenewa. Mchere ankathira ndi dzanja, n'kudontheza msuzi pachikhatho, kunyambita, n'kugwedeza mutu.

Mliri utafika, sukulu anaitseka Lachitatu, nyemba za mawa lake zili zonyika kale. Msika nawo anautchinga ndi chingwe. Telala anabweza makina kunyumba, nanga ndani angasoketse diresi alibe kopita? Chitini chija chinangokhala pawindo, kukamwa kuli yasa. Anayamba kudya kawiri patsiku, kenako kamodzi, dzuwa litapendeka, kuti chakudyacho chigwire usana ndi usiku womwe.

Kenako matendawo analowa m'nyumba. Amphika anagona masabata awiri n'kudzuka, koma mphuno ndi lilime zinatsalira pamphasa. Anyezi mkamwa ankangokhala ngati pepala. Sanauze munthu, ngakhale amuna awo. Wophika wosamva kukoma, sukulu ikadzatsegulidwa adzamufunanso ndani? Mantha amenewo ndiwo anawatseka pakamwa.

Telala ndiye sanadzuke msanga. Anali kale ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, mapazi otupa, ndipo namwino ananenetsa zinthu ziwiri: mapiritsi asamwe m'mimba mulibe kanthu, mchere ukhale wongotsina. Tsiku limenelo m'nyumba munatsala kapu imodzi ya nyemba ndi makala okwanira kapoto kamodzi. Za mawa zinali za Mulungu.

Nyemba zinapsa bwinobwino. Amphika anatsina mchere, nathira, nalawa pachikhatho. Madzi enieni. Anawonjeza. Madzi okhaokha. Aa, mchere wamasiku ano! Apa dzanja linangochita zomwe linazolowera zaka zonsezi, linatapa ngati likuthira mumphika wa ana mazana atatu.

"Bambo, dzukani mudye, mumwe mankhwala."

"Inu mwadya?"

"Ndadya pophika," ananama Amphika.

Telala anakhala tsonga, natapa supuni yoyamba. Anaima pang'ono. Anayang'ana akazi awo, nayang'ananso pakhomo, pamene kapoto kanali pambaula yozima. Kenako anapitiriza, supuni ndi supuni, osapuma.

"Zakoma?" anafunsa Amphika.

"Dzanja lanu ndi lomwe lija, mayi."

Anamaliza mbale yonse, anamwa mapiritsi, napempha madzi. Kapu yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Popita kukatunga yachinayi, maso a Amphika anagwera papaketi ya mchere. M'mawa inali pakati, tsopano inali itagona pathebulo yopanda kanthu. Anasuzumira m'kapoto, m'mbali monse mutauma zoyera.

Anabwerera kuchipinda madzi akutayikira m'njira.

"Kalanga ine! Bambo, ndakuphani! Bwanji osanena?"

Telala ananyambita milomo youma, naseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa.

"Ndinadziwa kale, mayi. Sabata yatha mpunga unapserera muli chikhalire pomwepo. Fungo linafika kuno kuchipinda, inu osamva kanthu."

"Nanga bwanji osalavula?"

"Ndikanalavula, mukanaphikanso chiyani?"

Amphika anawapatsa kapu ija, nakhala pansi pafupi ndi mapazi otupawo, n'kumawasisita, poti china choti achite panalibe. Basi yopita kuchipatala inasiya kuyenda kalekale. Misozi inatsika mpaka kulowa mkamwa. Ananyambita mwachizolowezi, monga amachitira pachikhatho, ndipo nayonso inali madzi enieni.