Nyimbo Imodzi Bokosi Lisanafike Pamsewu

Ndinadzuka kusanache, mwana atandikoka bere. Ndinali nditagona pamkeka pafupi ndi bokosi la ababa, azakhali mbali iyi, amayi a mpingo mbali inayo, mawu awo atasasa ndi kuimba. Kunja anali atayamba kusonkha moto, utsi ukulowa pazenera. Koma nkhawa yanga sinali ya maliro okha ayi. Panali mawu amene ababa anandisiyira kuchipatala, ine ndekha, ndipo ndinali ndisanauze munthu.

Ababa ankaimba lipenga la jazi m'mahotela a ku Nkopola ine ndisanabadwe. Chifuwa chitafooka anasiya, n'kutsala ndi kireti ya malekodi akuda aja ndi galamafoni yoyendera batire ya galimoto. Anandiuza kuti, "Akamanditulutsa m'nyumba, undiikire ija ya chikuto chofiirira, ya anthu anayi. Nyimbo yoyamba." Ndinavomera chifukwa ankapuma movutika. Koma ine ndani? Sukulu ndinalekera sitandade sikisi, mayina olembedwa pachikutopo sinditha kuwatchula, ndipo abambo aakulu, akulu awo a ababa, eni maliro, sindinayambe ndalankhula nawo zoposa moni.

Kutayera ndinayang'ana pakona pomwe kireti imakhala. Palibe. Dzulo lake anthu anatulutsa katundu yense, monga timachitira kuti olira apeze pokhala. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo ababa ankati lekodi siiona dzuwa.

Ndinati ndidzuke, azakhali anandigwira mwendo. Mwana wa malemu sachoka pabokosi anthu akubwera kudzapepesa. Ndipo ankabweradi. Asodzi anzawo a ababa ochokera kugombe, amayi ogulitsa usipa, lole yodzaza yochokera kuboma, madala amene ankaperekera zakudya m'mahotela nthawi imeneyo. Ine ndinkawagwira chanza maso ali pakhomo, ndikuona mthunzi ukufupika. Malata anayamba kulira ndi kutentha.

Cha m'ma teni mwana anadziipitsira, ine n'kuthokoza Mulungu mumtima pondipatsa chifukwa chotulukira. Ndinathamangira kuseri. Kireti ija munthu anali ataikhuthula kuti akhalire, malekodi n'kuwasanja patebulo, pamtetete. Apamwamba anali atapindika ngati nsomba yowamba. Ndinafukula manja akupsa, mwana akulira kumbuyo. Yofiirira inali pansi penipeni, yowongoka bwinobwino. Ndinaibisa m'chitenje, enawo n'kuwafunditsa mkeka.

Chotsala chinali chovuta kwambiri. Ndinadutsa pabwalo kupita kumbali ya amuna, komwe mkazi safikako tsiku lotere, anthu onse akundiyang'ana. Ndinagwada kutali pang'ono ndi abambo aakulu, n'kunena zonse ndi mpweya umodzi.

Abambo aakulu anati, "Nyimbo za kumowa, pamaliro a Mkhristu? Iwe mwana, wapenga?"

Ndinangoweramitsa mutu. Pamenepo mkulu wina wa kofiya yoyera anatsokomola. Ndinamva pambuyo pake kuti ankaimba ng'oma m'bandi ya ababa, ndipo anabwera pakabaza kuchokera ku Chowe.

"Achimwene, munaimvapo nyimboyo?"

"Sindisowa kuimva."

"Zaka makumi anayi mng'ono wanu akukuitanani kuti mudzamve, inu kukana. Lero sakuitananinso. Akungopempha njira."

Wina anaseka pang'ono n'kusiya msanga. Mkulu wa mpingo ndiye anagamula. Anati kuyambira pamsewu maliro ndi a mpingo, koma kuchoka pakhomo kufika pamsewu ndi a banja. Abambo aakulu anakweza chala chimodzi. "Imodzi. Ikatha, yatha."

Mapemphero atatha, anaika galamafoni pakhonde. Panalibe wina wodziwa kuika singano koma ine. Ndinaitsitsa palekodipo. Kunamveka kathethethe kaja, ngati mafuta pachiwaya, kenako wa gitala yaikulu ya besi anayamba kuyenda, phazi ndi phazi. Wa ng'oma analowa ngati munthu wosesa pabwalo m'mawa. Piyano inangoponya mawu awiri, atatu. Lipenga linachedwa dala, monga ababa ankanenera, kuti wodziwa kuimba amayamba wamvera anzake. Litalowa, silinafuule. Linalankhula pansipansi, ndipo amayi amene ankalira mokweza anatsitsa mawu okha.

Adzukulu ananyamula bokosi. Palibe amene anawauza, koma mapazi awo anagwirizana ndi besi ija. Pakhomo ndi pamsewu ndi pafupi, komabe anayenda pang'onopang'ono kuti asaisiye m'mbuyo. Mkulu wa kofiya uja anaima pambali panga akutchula oimba anayiwo mmodzimmodzi, ngati akuwerenga abale. Anati onse anamwalira kalekale kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, osadziwa kuti kuno kuli msodzi amene anaphunzira lipenga pongowamvera. Ine ndinaimirira chilili, mwana kumbuyo, osaweramitsanso mutu. Anthu onsewa amene ankati ababa anataya moyo wawo ndi zoimba, lero anamva okha zomwe malemuwo ankamva.

Nyimbo inatha bokosi litangoponda msewu. Kwaya inalandira pomwepo, ndipo tinayenda mufumbi mpaka kumanda, dzuwa likuwotcha m'mutu. Tinawaika cha m'ma thuu.

Madzulo anthu anabalalika, miphika yobwereka anaitenga eni ake. M'nyumba munalibe kanthu koma mikeka. Ndinalowetsa malekodi, opindika padera, abwino padera. Opindika analipo asanu ndi awiri, ndipo ndinawalira ngati maliro ena.

Ndinamva nsapato pakhomo. Anali abambo aakulu. Anakhala pansi, n'kutenga chikuto chofiirira, akuchiyang'ana mozondoka.

"Kuseri kwakeko kulinso nyimbo?"

"Zilipo zitatu, bambo. Koma batire yatha."

Anagwedeza mutu. Anamasula okha mawaya, n'kuika batire pafupi ndi chitseko.

"Ndikachajitsa m'mawa. Usaike ndisanabwere."

Anatuluka. Azakhali anali atagona kale, mwananso tulo. Ndinakhala pakati pa nyumba yopanda mipando, ndikupukuta malekodi ndi nsonga ya chitenje, imodziimodzi.