Kotapela wa Chaka cha Chilala

Ndinali ndi zaka khumi pamene bambo anga anadzala kamtengo ka kotapela, amene ena amati mapeyala, kuseri kwa nyumba yathu kukomboni ya George. Atatero anapita ku Kitwe kukafuna ntchito, n'kundiuza kuti ndizikasamalira. Chaka chimenecho mvula inachedwa kwambiri. Kumpopi wa pakiyosiki yogulitsira madzi mzere wa zigubu unkafika mumsewu, ndipo amayi analamula kuti madzi ndi akumwa, ophikira ndi osamba basi.

Masamba a kamtengoko anayamba kufota. Ba Chanda, amene ankagulitsa makala pafupi nafe, anandipeza nditanjuta pakamtengoko.

"Osavutika iwe," anatero. "Mitengo imadya utsi. Ona ma minibasi, ona mbaula zonse izi. Kali na vakudya vambili."

Mawa lake ndinakafunsa ba Mwansa, aphunzitsi athu a sayansi. Anathyola tsamba pampanda n'kulitembenuza. Anati ba Chanda sananame kwenikweni. Mpweya wa kaboni, umene umatuluka tikawotcha makala ndi mafuta, ukuchulukadi mumlengalenga, ndipo ndi umene mitengo imapangira chakudya chake. Umalowera m'timabowo ta kunsi kwa tsamba, tosaoneka ndi maso. Ukachuluka, mitengo yambiri imakula mofulumirako.

"Manje tumabowo twamene utu ndiye tumataya manzi," anatero. "Kukapya maningi, pansi pauma, mtengo umatseka pakamwa. Ungafe na njala, vakudya vili pakhomo."

Nditafika kunyumba ndinawafotokozera amayi zonsezo. Anali kutsuka tinsomba ta kapenta, ndipo sanadzutse n'komwe mutu. Anangondikankhira beseni la madziwo ndi phazi.

"Ya mu chigubu usagwile. Aya tenga."

Kuyambira pamenepo madzi otsukira ndiwo ndi mpunga anali anga. Ndinkawathira m'mamawa, n'kuphimba patsinde ndi makoko a nthochi ndi udzu wouma. Pankanunkha kansomba, ntchentche zili ng'waa. Kamtengoko kanayoyola masamba ambiri, koma kunsonga kunakhalabe kobiriwira mpaka mvula inagwa.

Lero ndikamva wina akunena kuti utsi wathu ukunenepetsa nkhalango, sindikangana naye, chifukwa mbali ina akunena zoona. Koma mpweya womwewo ndi umene ukuwonjezera kutentha ndi kuumitsa nthaka. Ndimangomufunsa kuti nkhalango yonseyo adzaitungira madzi ndani.