Azakhali a Hamida ndi Chibonga cha Sajeni

Azakhali anga a Hamida ndi apolisi, ndipo ndi afupi moti yunifomu yawo anakaipinditsa kwa telala kawiri. Koma mawu, ee! Akati "Mira!", ndiye kuti "Ima!", pa renki ya maminibasi, kombi imaima yokha. Anabadwira mukomboni ya pamgodi pompano, ndipo asanalowe upolisi ankagulitsa masamusa pageti.

Tsono Lachisanu lina masana kunali maliro a che Imrani. Ife Asilamu sitichedwa nawo maliro. Amuna amasenza jeneza, lija lonyamulira mtembo, paphewa, lofunditsa nsalu, n'kumayenda chothamanga akulandizana. Sajeni Kundai anali mlendo, sabata yachiwiri kuno, ndipo chiyambire m'mawa ankathamangitsa makorokoza, aja okumba golide mozemba. Kungoona anthu akuthamanga ndi katundu wofunditsa, basi, akuti ndi miyala yakuba!

"Tsitsani! Vundukulani!"

A Sadiki, mwana wa malemuwo, anati, "Shefu, bwana wanga, ndi bambo anga awa." Sanatsitse.

Chibonga phaa paphewa! Jeneza linapendekeka, ife akazi tili kumpanda kukuwa. Chachiwiri pamkono.

Chachitatu sichinafike. Azakhali, omwe anali pantchito ndi sajeniyo, anachigwira m'mwamba ndi manja awiri, ataimira zala zakumapazi. Ndinaona ndekha ine!

"Zakwana, shefu. Awa ndi maliro."

"Konstebo, ntchito yako yatha lero."

"Ithe. Koma ine ndili pano simumenyanso munthu." Kenako anacheukira amuna aja. "Pitani nawo, manda akudikira."

Anapitadi, sajeni ali chiimire ngati mtengo wa magetsi.

Kuntchito anawauza kuti alembe zoti a Sadiki ndiwo anayamba ndewu. Iwo analemba zomwe anaona: zibonga ziwiri, phewa, mkono, munthu atasenza bambo ake. Anzawo anasiya kudya nawo. Amayi anga anawachonderera. "Hamida, fufuta zimenezo. Ntchito ikusowa kunjaku."

"Alamu, yunifomu iyi ndinapinditsa ndekha. Ndiivula akandivula, osati ndi bodza."

Sanawachotse. Kalata inangobwera yoti asamukire ku Gokwe, kuthonje ndi fumbi. Tsiku lonyamuka komboni yonse inali kubasi. A Sadiki, mkono uli m'bandeji, analanda chikwama n'kuchisenza ndi dzanja linalo.

Ine ndinkalira, zoona.

"Iwe Anisa, pukuta mamina," anatero azakhali ali pawindo. "Ku Gokwe kulibe masajeni? Andidziwa."