Ndinatseka Maso Pamzere wa Madzi

Lachiwiri lapitali ndinapeza mtendere wa mumtima. Ndinaupeza pakiyosiki ya madzi kuno ku Kanyama, cha m'ma teni koloko m'mawa, ndipo ndinafika nawo kunyumba pamodzi ndi zigubu zinayi zopanda kanthu.

Ndifotokoze bwino, poti ena mwayamba kale kuseka.

Mlamu wanga amasamalira maluwa kumayadi. Mwezi watha abwana ake anataya kabuku ka yoga, iye n'kutola n'kubwera nako kwa ine, chifukwa pabanja pathu amene anapondako kukoleji ndine. Zoti ndinatulukako chaka chachiwiri chisanathe sitizikamba pagulu. Kabukuko ndinakawerenga monga ndinachitira ndi maphunziro anga: mwakhama kwambiri, mpaka pakati.

Ndinkayesa yoga ndi kupinda miyendo mpaka kukhosi. Ayi ndithu. Chachikulu, akuti, ndi maganizo. Maganizo ali ngati madzi a m'ndowa, ukaleka kuwavundula matope amakhala pansi. Uzipuma pang'onopang'ono. Usamakakamire zinthu. Mkwiyo ukabwera uzingouyang'ana, monga umachitira ndi minibasi yosapita kwanu, osakwera. Kwa munthu amene malaiti amamuthimira tsiku lonse, thumba la ufa likukwera mtengo ngati lamera mapiko, mawu amenewa anali otsekemera.

Tsono kunyumba tili ndi apongozi anga aamuna, amene anafa ziwalo mbali imodzi chaka chatha. Sadzuka okha. Amafunika kusambitsidwa tsiku lililonse ndi kuwachapira zofunda, apo ayi zilonda zimayamba kumsana. Lachiwirilo mkazi wanga, amake Tisa, anapita kumsika ndi tomato wake n'kundisiyira ntchito imodzi yokha: kulondera zigubu pamzere.

Inu a mipopi ya m'nyumba, mverani. Pakiyosiki sipaima anthu, pamaima zigubu. Umaika chigubu m'mamawa, mzere ukasuntha umachikankha ndi phazi. Ukachokapo pang'ono wakumbuyo amakukankhira, koma pokhapokha ngati unam'patsa moni n'kudandaula naye limodzi za mtengo wa makala. Kudandaula ndiye chiphaso. Munthu wachete pamzere amatengedwa ngati kulibe.

Ine ndinakhala pamwala, msana chilili, maso tseke, n'kuyamba kupuma.

Nditatsegula maso, zigubu zisanu ndi chimodzi za amake Juniya, aneba athu amene mawu awo amamveka mpaka kumsewu, zinali kutsogolo kwa zanga. Mkwiyo unabwera. Ndinauyang'ana. Sindinakwere. Ndinatsekanso maso. Nditatsegula kachiwiri panali patalowa za amayi ena awiri, ndi beseni pamwamba. Amake Juniya anafunsa ngati ndikudwala kapena ndikupemphera, kuti adziwe chouza anthu. Ndinayankha mwaulemu kuti ndikuphunzira kusakakamira zinthu. Anati maphunziro amenewo ndi abwino, ndipitirize.

Mpopi unatsokomola kawiri n'kuuma kutatsala zigubu ziwiri kuti ndifike.

Amake Tisa atabwera sanakalipe. Bola akanangokalipa. Anagogoda zigubu chimodzichimodzi, kumvetsera kulira kwake, kenako anandiyang'ana.

"Atate a Tisa, imwe mwakhuta mphepo. Manje batate nizabasambika na chani?"

Kuchipinda apongozi anamva. Ndi pakamwa pawo popotoka paja anati tisavutike, lero akhoza kugona osasamba, palibe komwe akupita. Munthu wamkulu, wolera ana asanu ndi awiri, kupepesa chifukwa cha thupi lake. Mmene munthu amapumira akamva zimenezo, kabuku kanga sikananene.

Cha kumadzulo amake Juniya omwe aja anabwera ndi chigubu chimodzi, n'kuchitula pakhomo. Anati ndi cha mdala wodwala, osati cha mneneri wotsinzina. Chinakwanira nkhope ndi msana. Zofunda zinagona zosachapa.

Apa ndiye pandikwiyitsa, ndipo minibasi iyi ndakwera. Kodi mwaona kuti masiku ano aliyense akutiuza kuti tidekhe? Malaiti akapita, khalani odekha. Mpopi ukauma sabata yathunthu, khalani odekha, tikukonza. Ntchito ikatha, mafuta ophikira akayamba kugulitsidwa m'kapulasitiki kokhala ngati ka mankhwala a m'maso, khalani odekha. Amene amanena zimenezi mukawalondola kwawo mupeza thanki pamwamba pa nyumba ndi jenereta kumbuyo. Ndi thanki nanenso ndingadekhe mpaka kundilemba m'buku.

Ife nafe taphunzira bwino, mopitirira. "Tizachita bwanji," timatero, n'kukhala pamwala. Timalimbana tokhatokha pamzere chifukwa cha malo a chigubu, koma wofunsa chifukwa chake mpopi umatuluka maola awiri okha, palibe. Zimenezo timati ndi kukhwima maganizo. Ine ndazichita ndi maso otseka ndipo ndikukuuzani: kunali kuopa amake Juniya basi, kungoti ndinakuveka jekete.

Lachitatu m'mawa ndinachita chimene aphunzitsi anga a kukoleji analephera kundichititsa. Ndinawerenga kupitirira pakati. Masamba atatu okha kutsogolo, kabuku kakuti munthu achite ntchito imene yam'gwera, yonse, ndi mtima wonse. Chosiya ndi phokoso la m'mutu, mantha, ndi kufuna kuoneka wabwino. Za kusiya zigubu palibe pamene analemba. Ndinafufuza kawiri.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ndinabwerera kukiyosiki. Ndinapereka moni. Ndinadandaula za makala mwaluso mpaka amayi ena anandikankhira chigubu ndisanapemphe. Maso ndinawasiya otsegula.

Mzere uli pakati, anafika bambo wina wogulitsa madzi pawilibala, n'kutsitsa dilamu lake patsogolo panga ngati akuimika galimoto pakhomo pake. Mkwiyo unabwera, mantha ali pampando wakutsogolo. Ndinakoka mpweya, n'kuutulutsa pang'onopang'ono.

"Bamudala, vigubu vanga venze apa."

Anati ndikadandaule kupolisi. Ndinapumanso n'kubwereza mawu omwewo, osakweza, osatsitsa. Anatukwana. Ndinabwereza. Anafunsa anthu ngati uyu ndi uja anathawa sukulu. Ndinavomera kuti ndine ndemwe, n'kubwereza. Nditabwereza kachisanu ndi chiwiri, amake Juniya anatembenuka n'kumuuza kuti achotse dilamu, munthuyu ali ndi wodwala kunyumba, ndiponso akuoneka kuti akhoza kunena zimenezi mpaka Khirisimasi.

Dilamu linabwerera kumbuyo. Zigubu zinayi zinadzaza. Masana apongozi anasamba thupi lonse, zofunda zili pachingwe, ndipo anapempha kuti tiwatulutse panja aothere dzuwa.

Yoga sindinaisiye. Ndimapumabe m'mawa uliwonse, ndipo imathandiza: dzulo malaiti anapita ndili pakati pometa, sindinatukwane aliyense. Koma inu amene mwadekha zaka zonsezi, mpaka aneba amakutamani kuti mulibe mawu, tayang'anani kuchipinda. Ndani kwanuko akugona osasamba kuti inu mukhale ndi mtendere?