Madengu a Pachingwe

Ndinali nditangokwatira kumene pamene bwana wa esiteti yathu anachotsa ngolo za ng'ombe pa msewu wa kudambo. Anatseka mtsinje, naika gudumu lalikulu lopanga magetsi, kenaka anthu anaimika milongoti ya bulugamu kuchokera kudambo mpaka kufakitale. Pa milongotiyo panadutsa chingwe cha waya chokhala ndi ngowe zokolekapo madengu a tiyi. Ng'ombe zinatsala ndi ntchito imodzi yokha, yokokera mabokosi a tiyi wouma kusiteshoni ya Luchenza.

Anandisankha kuyendetsa makinawo chifukwa ndinkatha kuwerenga manambala, ndiponso sindinkamwa mowa. Ndinali ndi kanyumba kanga ka malata pafupi ndi fakitale, ndi chitsulo chimodzi chokankha ndi kukoka. M'mawa uliwonse ndinkapukuta makinawo, kuthira mafuta, kenaka kupukutanso. Anzanga ankati ndimawasamala kuposa mkazi wanga, ndipo ine ndinkangoyang'ana pansi.

Bwana anagula chingwecho chifukwa masamba ankafika atapsa. Tiyi wamuwisi akaunjikana nthawi yaitali amatentha yekha n'kufiira, ndipo bwana ankati mlandu ndi wa ng'ombe zoyenda mwaulesi. Koma patatha milungu iwiri chingwe chikuyenda, masamba ankafikabe ofiira. Anabwera m'kanyumba kanga, nayang'ana makina, nayang'ana ine. Anati ngati sizisintha pofika Loweruka, aitanitsa munthu wodziwa wochokera ku Limbe, ine ndibwerere ku khasu.

Chifukwa chake ndinkachidziwa. M'mawa wonse chingwe chinkazungulira chopanda kanthu, ndipo dzuwa likafika pamutu madengu onse ankabwera pamodzi, olemera ngati muli miyala. Amayi otchola tiyi ankachitabe monga pa nthawi ya ngolo. Ngolo inkabwera masana, malo anali ochepa, choncho ankapondera masamba ndi mapazi kuti onse akwane, n'kuimika madengu m'chisakasa kudikira. Kapitawo wawo anawauza kuti asiye zimenezi, iwo anamuseka. Amayiwo ankamvera munthu mmodzi yekha, mayi wamkulu amene anabwera wapansi kuchokera kwa Apwitikizi ali mtsikana. Mayiyo anali apongozi anga.

Kwathu mkamwini sayang'anana ndi apongozi ake. Tikakumana pa njira, ine ndinkalowa m'tiyi mpaka adutse. Ndinatuma mkazi wanga kuti akawafotokozere. Anabwerako atakhumudwa. Anamuuza kuti dengu losadzaza ndi la munthu waulesi, ndipo iwo sangaphunzitsidwe kutchola ndi mwana amene anamubereka kumbuyo akutchola.

Lachinayi ndinapempha kapitawo kuti andigwirire chitsulo, ndipo ndinatsikira kudambo. Ndinapempha mayi wina, mnzawo wa apongozi, kuti anditcholere masamba m'dengu osapondera. Ndinaliika pafupi ndi dengu lina lopondedwa limene linali m'chisakasa kuyambira m'mamawa. Kenaka ndinapita kuseri kwa mlongoti, ndinagwada, nkhope ndikulozetsa ku phiri.

Amayi anayamba kuseka. Wina anafunsa ngati a magetsi abwera kudzapemphera. Ndinalankhula kwa mnzawo uja, mawu akuchita kutuluka pang'onopang'ono.

“Mayi, mundipemphere kwa akuluakulu kuti apise dzanja m'madengu awiriwa. Sindikunena kanthu ine. Angopisa basi.”

Ndinamva mapazi, kenaka masamba akuchita phokoso. Sindinacheuke. Ndinamva apongozi akuyankhula m'Chilomwe kuti dengu lopondedwa lija likutentha ngati munthu wodwala malungo. Anafunsa mnzawoyo ngati n'zoona kuti chingwechi sichitopa, ndipo ngati sichidzasiya masamba a munthu pansi monga inkachitira ngolo. Ndinayankha, kudzera mwa mayi yemweyo, kuti ngowe zimadutsa tsiku lonse, ndipo bola ine ndili pa chitsulo palibe dengu lidzagone kudambo. Anafunsanso ngati kapitawo sadzawanena kuti ndi aulesi poona madengu opepuka. Ndinati zimenezo ndikazinena ndekha kwa bwana, ngakhale kuti ndinali ndisanayambepo kulankhula naye iye asanandifunse.

“Muwauze akamwini angawo adzuke,” anatero. “Mawondo awo ndi a mwana wanga, asawaononge pa miyala.”

Amayi anasekanso, koma kuseka kwake kunali kwina. Ndisanachoke ndinamva apongozi akukhuthula dengu lawo, akugawa masamba m'madengu awiri.

Ndinakwera chitunda mothamanga, komabe dengu loyamba linandipitirira m'mwamba, likugwedezeka pa ngowe. Madzulo ndinaima pa khomo la ofesi chipewa chili m'manja, ndipo ndinafotokoza zonse. Ndinachita chibwibwi kawiri, koma ndinamaliza.

Loweruka bwana anabwera pamene tinkatsitsira madengu. Anapisa dzanja m'dengu lina, kenaka lina, natola tsamba n'kuliyang'ana padzuwa. Linali lobiriwira, mame asanaume. Sananene kanthu za munthu wa ku Limbe. Anangondifunsa ngati mafuta a makina alipo okwanira mwezi wamawa, ndipo ndinati alipo, bwana, ndaona kale.