Chala cha Nathovu

Pa mdadada wa zipinda za lendi pomwe ndimakhala, tonse timangowatchula Nathovu, chifukwa palibe amene anawaonapo manja ali ouma. Ntchito yawo ndi yochapira anthu zovala: nsalu za pabedi, mayunifolomu a ana a eni ake, ngakhale matewera. Chipinda chawo ndi changa zimalekana ndi khoma lopyapyala, ndiye za m'nyumba mwawo ndimazimva ndisakufuna.

Amuna awo ndimadana nawo, sindibisa. Bambo wathunthu, manja awiri, koma ntchito yake kusecha mkazi basi. Ndalama ikabisidwa mu pilo ankaipeza, m'chitini cha sopo ankaipeza, ndipo tsiku lomwe waisowa tinkamva makofi kudutsa khoma. Nathovu ankafuna chinthu chimodzi chokha: kachipinda kawo ndi ana awo awiri, kutali komwe bamboyo sakudziwako. Vuto linali lakuti eni nyumba amafuna lendi ya miyezi ingapo usanalowe.

Nzeru inachokera kwa wokonza mafoni wa pakona pamsika. Anawaonetsa masamba a pa intaneti ogawa tindalama ta kiripito, ndalama za pa intaneti zosagwirika m'manja. Umaonera malonda, kudina apa, kudina apo, kenako tinyenyeswa ta ndalama timagwera m'kachikwama ka m'foni. Ine nditamva ndinaseka mpaka misozi.

“Achemwali, mudzalemera mano atatha m'kamwa,” ndinatero.

“Pang'onopang'ono ndi mtolo,” anandiyankha. “Komanso chikwama chimenechi bambo uja sangapisemo dzanja.”

Wokonza mafoniyo sanali kamberembere ayi, anawalangiza bwinobwino ine ndili pomwepo. Anati kachikwamako kali ndi mawu khumi ndi awiri achingerezi, awalembe papepala n'kusunga, chifukwa foni ikavuta mawuwo ndi omwe amabweza ndalama. Nathovu anapukusa mutu.

“Pepala m'nyumba mwanga? Achimwene, bambo uja amapeza ndi singano yomwe.”

“Nanga nambala yachinsinsi, amayi?”

Anadina manambala ongobwera m'mutu, oti mwamuna wawo asawaganizire, kenako anaika chala chachikulu pagalasi kuti kachikwamako kazitsekuka ndi chalacho. Anati pepala limabedwa, koma chala amayenda nacho. Kuyambira tsikulo nambala ija sanaigwiritsenso, mpaka inawachoka m'mutu.

Zovala zikamauma pachingwe, ankakhala pachidebe chovundikira n'kumadina. Tinyenyeswato patokha sitikanafika patali. Choncho akalandira malipiro ankapatulako pang'ono, kudzera kwa wokonza mafoni uja, n'kuwonjezera momwemo asanafike kunyumba. Chaka chinatha, china n'kuyamba. Ndinawaona akuyamba kuseka, mayi amene poyamba ankayenda ngati wanyamula mtondo.

Kenako anapeza ntchito yochapa ma epuloni a kumalo ophera ng'ombe. Magazi ndi mafuta sizichoka ndi sopo wamba, ndiye ankathira mankhwala oyeretsa aukali aja, n'kumafikisa ndi manja osavala kanthu. Ndinawakalipira kuti manja atha. Anati asiya akangokwanitsa ndalama ya chipinda. Zala zinasupuka, zinang'ambika, kenako zinasalala ngati sopo wotsala.

Chipinda chinapezeka, kuseri kwa malo okwerera mabasi, chitseko chake chachitsulo chokhala ndi loko wabwino. Mwini nyumba anati awasungira mpaka kutha kwa mwezi. Tinapita limodzi kwa wokonza mafoni kukatulutsa ndalama. Nathovu anaika chala. Foni inanjenjemera n'kukana. Anapukuta chalacho pachovala, kuikanso, inakananso.

Wokonza mafoni anawagwira dzanja n'kuliyang'ana pafupi.

“Amayi, mizere ya pachala yatha. Foni sikukudziwani. Nambala ija?”

Anayesa ina, ayi. Anayesa inanso, ayi. Wokonza mafoniyo anawaletsa, nati akapitiriza kachikwamako katsekeratu.

“Nanga mawu khumi ndi awiri aja?”

Nathovu anapukusa mutu, poti sanawalembe paliponse.

“Ndiye tikadandaule kuti?” ndinafunsa ine.

“Kulibe ofesi, amayi. Kulibe munthu woti n'kumupempha.”

Namwino wina wa pamdadada pathu anati khungu limamereranso likatalikirana ndi madzi. Nathovu anamanga chalacho m'kapulasitiki ndi mphira, n'kumachapa ndi zala zotsalazo, chachikulucho chili njo! m'mwamba. Madzi ankalowabe. Ndiye anasiyiratu kuchapa, n'kunamiza amuna awo kuti akudwala. Makasitomala anapita kwa ena mmodzimmodzi. Ana ankadya kwa ine, ndipo ine si wolemera. Bamboyo ataona kuti m'nyumba simukulowa kanthu, khoma lija linayambiranso kulankhula. Ndinkalira ndekha, chifukwa ndinkadziwa chomwe akupirira.

Mwezi uli pafupi kutha, zilonda zinapola. Anabwera kwanga ndi foni, akuti tiyesere kwanga kuti bamboyo asaone. Chalacho chinali ndi khungu latsopano ndithu, koma lodzaza zipsera zopingasa. Anachipumira mpweya, kuchiika pang'onopang'ono. Foni inakana. Anachitembenuza cham'mbali, inakanabe. Ndalama zawo zinali mmenemo, m'dzanja mwawo momwemo.

Mwini nyumba anapereka chipindacho kwa ena.

M'mawa wake ndinawapeza pampopi, atakatenganso ma epuloni a magazi aja, beseni lodzaza, fungo la mankhwala likutsamwitsa. Manja onse awiri anali m'madzi mpaka m'zigongono.

“Achemwali, chala!” ndinakuwa. “Mwina chikanapola bwino mwezi wamawa!”

Sanadzutse mutu.

“Ana sanadye za m'nyumba mwawo mwezi wonse,” anatero. “Tandipatsirani sopo ali apoyo.”

Ndinawapatsira.