Ndinabereka nsato mpaka ku Oakville

Kwathu njoka ikangooneka, aliyense amathamangira mpini. Ndiye musaganize kuti ndinkaikonda nsato imeneyo. Ndinailakwira, basi.

Nthawi imeneyo ndinkasamalira bambo wina wachizungu ku Etobicoke, kutsidya la nyanja kozizira kuno, nkhalamba yofedwa mkazi, yopanda mwana. Mnzawo anali nsato yaing'ono, yotalika ngati lamba, m'bokosi lagalasi pabalaza. Ankacheza nayo ngati munthu. Ine posesa ndinkalambalala, maso kumbali.

Mu Januwale mtima unawavuta, anawagoneka m'chipatala. Powanyamula anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Undisamalire mnzangayo." Ndinavomera.

Pamwamba pa bokosilo pankayaka getsi usana ndi usiku. Ine ndinaleredwa kuti nyale siyaka dzuwa likuswa mtengo. Mayi anga akanakukoka khutu. Ndinalizimitsa, n'kuchepetsanso chotenthetsera nyumba poti munalibe munthu. Ndinkadziona mayi wosamala zedi! Osadziwa kuti getsilo ndilo linali moto wootha wa nsato ija.

Patapita masiku asanu ndinaipeza nsato ija itadzutsa mutu, kukamwa yasa, thovu kumphuno, ikupuma movutikira ngati khanda lachifuwa. Mayo ine! Bambo aja atuluke m'chipatala n'kupeza bokosi lili mbee, mtima wodwalawo upirira?

Ndinakhala pafoni m'mawa wonse kuimbira madokotala a ziweto. Onse yankho limodzi: agalu ndi amphaka okha. Wina anachita kuseka. Ndinamuuza kuti mano akewo si mankhwala, n'kudula foni. Pomaliza mayi wina anandilozera dokotala wa ku Oakville, tauni ina yapatali, amene ankathandiza njoka. Nditamuimbira, dokotalayo anati, "Bwerani nayo lero. Koma ikazizidwa panjira, musavutike n'kufika."

Galimoto ndinalibe. Ndinaimbira mnzanga wa kutchalitchi wa ku Mississauga. "Achemwali, mwayamba liti ufiti?" anatero. "M'galimoto mwanga ayi!"

Chabwino. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula, nanenso sindinatsutse. Ndinapemphera, n'kupisa manja m'bokosi. Ndinaitulutsa nsato ija. Ndinaiika m'nsalu ya pilo, n'kumanga kukamwa kwa nsaluyo, kenako ndinatenga chitenje n'kuimangirira pamimba panga, chikhotho pamwamba. Kutentha kumene ndinailanda ndinati ndiibwezere ndi thupi langa.

Kunja sinowo, chipale chofewa chija, anali wofika m'mawondo. M'basi bambo wina anandiyang'ana pamimba n'kundipatsa mpando mwaulemu, ati ndipumule. Ndinathokoza n'kukhala, nanga ndikanati chiyani? Nditatsika basi n'kukwera sitima, nsato inayamba kutakataka, ikufunafuna pofunda. Ndinafuna kukuwa. Ndinaluma mano n'kumaimba nyimbo ya kwaya chamumtima, ndime zonse, kubwereza katatu. Itasiya kutakataka ndinachita mantha oposa, ndinaigwedeza pang'ono kuti ndimve ngati ili moyo.

Dokotalayo anaiyang'ana m'kamwa n'kufunsa ngati getsi linapsa. Bodza linafika pakamwa, koma ndinalimeza. "Ndinazimitsa ndine." Sanandikalipire. Anaibaya jakisoni, kenako anandipatsa mankhwala ndi masingano, ati otsalawo ndizibaya ndekha kunyumba. Ine? Anandigwira dzanja n'kundionetsa pobaya, pakati pa mamba.

Milungu iwiri ndinabaya nsato, thukuta lili kamukamu. Getsi linkayaka masana onse, ine osalikhudza. Thovu lija linatha, kupuma kunabwerera.

Bambo aja anatuluka ataonda, akuyendera ndodo. Asanavule n'chipewa chomwe ndinawauza zonse, kuti akafuna kundichotsa ntchito andichotse akudziwa. Anakhala pampando pafupi ndi bokosi lija. Kenako anayesa kutsegula bokosi, koma chivundikiro chinawakanika. Anandiyang'ana.

Ndinatsegula, n'kuinyamula ndi manja anga awiri, n'kuwaikira pamiyendo. Inakwera pang'onopang'ono mpaka paphewa pawo. Nkhalamba ija inalira ngati mwana, nane ndinalephera kudzigwira.